Kabotolo ka alamu anga



Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha, chifukwa m'nkhaniyi wolakwa woyamba ndine.

Holide yapitayi ndinali kwathu ku Kasina, nyengo ya chisanu cha Juni chija, pomwe madzi a wudhu wa Fajr amaluma zala. Alamu anga, akazi a achimwene, ndi oyembekezera. Tsiku lina tikusankha mbatatesi pakhonde, ndinawaona akumasula kabotolo kunsonga ya chitenje, n'kutsina fodya, n'kuika kunsi kwa mlomo. Ine ndi kamadrasa kanga ndi kayunivesite kanga ndinalumpha: "Astaghfirullah, alamu! Zimenezo ndi haramu, mukupha mwana!" Anthu ali pomwepo. Iwo sanayankhe. Anangoseka kuseka kwamanyazi kuja n'kulowa m'nyumba.

Anasiya? Ayi ndithu. Kabotolo kanangosamukira kuseri kwa bafa.

Madzulo amayi anandiitanira kukhitchini. "Iwe, alamu akowo unawafunsa kuti fodyayu anamuyamba bwanji?" Sindinawafunse. Amayi ndiwo anandiuza kuti anayamba pa mimba yoyamba, mseru ndi malovu zitawavuta, ndipo amene anawapatsa ndi agogo awo, poyesa kuti ndi mankhwala. Kenako anandiponyera lina: "Nanga achimwene ako, amene amasutira m'chipinda chomwecho mazenera ali chitsekere poopa kuzizira, unawalalikira liti?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

Musandimve molakwa, pa kuopsa kwa fodya sindikubweza mawu. Nikotini amafinya mitsempha ya magazi, ndiye chakudya ndi mpweya zopita kwa mwana kudzera mumchombo zimachepa. Wosuta amawonjezerapo utsi wa carbon monoxide, womwe umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Zotsatira zake timaziona kusikelo: mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5, wobadwa masiku asanakwane, nthawi zina mimba kupita padera. Ambiri kumudzi amati wapamphuno kapena woika mkamwa alibe vuto poti alibe utsi. Nikotini yemweyo amalowabe m'magazi, ndipo amam'peza mwana. Dziko lathu lili kale ndi vuto la ana obadwa msanga. Lipoti la 2012 lomwe WHO inatengapo mbali linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana pafupifupi 18 pa 100 alionse. Sitikufunika kuthira nkhuni pamoto umenewu.

Ma ulama ambiri amakono amati fodya ndi haramu, ena amati makruhu. Koma ikafika pa mayi woyembekezera nkhani imakula, chifukwa wovulazidwayo ndi munthu wina yemwe sangathe kukana. Ku Indonesia, bungwe la ma ulama la MUI mu 2009 linagamula kuti kusuta ndi haramu kwa ana, kwa amayi oyembekezera komanso pagulu. Ndipo ife a madrasa tikukumbukira Hadith ya nambala 32 mu Arba'in ya Imam Nawawi, yoletsa kudzivulaza ndi kuvulaza ena. Choncho chigamulo ndinachidziwa bwino. Chomwe sindinadziwe ndi kuthandiza.

Usiku umenewo ndinakumbukira phunziro lomwe Ustadh wathu ankalikonda. Mowa sunaletsedwe tsiku limodzi. Surah Al-Baqarah ayah 219 inayamba ndi kuyeza phindu ndi tchimo lake. An-Nisa ayah 43 inauchotsa pafupi ndi Swala. Al-Ma'idah ayah 90 ndiyo inatseka khomo. Mayi wathu Aisha (RA) anafotokoza kuti chikhala lamulo loletsa ndilo linayamba kutsika, anthu akanakana. Mitima inayamba yakonzedwa kaye. Awatu anali maswahaba, Mtumiki (SAW) ali pakati pawo. Nanga ine ndimafuna alamu anga asiye chizolowezi cha zaka 5 chifukwa cha kukuwa kwanga kamodzi? Sindikunena kuti woyembekezera azisiya mwachidodo, ayi, mimba siyembekeza munthu, ndipo kusiya lero kuposa mawa. Ndikunena kuti Allah, yemwe anatilenga, akudziwa kuti chizolowezi chimagwira thupi, ndipo munthu wogwidwa amafuna womugwira dzanja.

Tikumbukirenso m'Bedui uja anakodza mu mzikiti. Maswahaba anadzuka kuti am'thire mphepo, koma Mtumiki (SAW) anawaletsa, analamula kuti pathiridwe madzi, kenako anam'langiza munthuyo modekha. Ine pakhonde paja ndinali m'gulu la odzukawo.

M'mawa ndinapita kukapepesa. "Alamu, dzulo ndinakuchititsani manyazi, mundikhululukire." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, mukuyesa sindinayesepo? Ndikangosiya, mutu umachita kung'amba, tulo osabwera." Subhanallah. Anali akulimbana okha, mobisa, ngakhale kwa anamwino kusikelo sananene poopa kukalipidwa.

Zomwe tinachita n'zazing'ono. Amayi anawaperekeza kusikelo kuti akanene zoona, achipatala adziwe ndi kuwalangiza. Tinawauza chinthu chomwe palibe anawauzapo: chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa n'kutsika, ndipo sabata yoyamba ndiyo yowawa kwambiri, kenako thupi limayamba kuzolowera. Ndiye chikawagwira, amamwa madzi, amatafuna nzimbe kapena mtedza, ena amakhala nawo pafupi akuchita zikiri mpaka chidutse. Anaterereka kawiri. Palibe anawaseka.

Chovuta chinali achimwene. Kwathu wamng'ono salangiza wamkulu, mukudziwa. Ndinadikira tikuchokera ku Jumu'ah, tili awiri panjira. "Achimwene, mwezi wa Ramadhan mumatha kuchokera daku mpaka futari osasuta, masiku 29 kapena 30, chifukwa cha Allah. Mwana ali m'mimbayu ndi amanah ya Allah yemweyo." Anakhala chete mpaka kunyumba. Sanasiyiretu, ndisaname, koma m'nyumba sasutiramonso, ndipo pamaso pa alamu sayatsa.

Anyamata anzanga, apa ndi pathu. Timathamangira kuloza mayi chifukwa mimba imaoneka, utsi wa bambo suoneka. Ena timawasiyanso akazi oyembekezera akuthyola fodya wonyowa ndi mame kumunda, pomwe nikotini amalowera pakhungu. Surah Luqman ayah 14 imatikumbutsa kufooka komwe mayi amapirira posenza mwana. Ndipo m'Chiarabu chiberekero ndi rahim, mawu a muzu umodzi ndi dzina la Allah, Ar-Rahman. Ine malo amenewo ndinawafikira ndi ukali.

Dzulo alamu ananditumizira uthenga pa WhatsApp ya achimwene: masiku 23 osakhudza kabotolo. Akuti amayi anakaponya m'chimbudzi iwo eni atavomera. Akuyembekezeka kuchira mu Seputembala, InshaAllah. Mukakweza manja pambuyo pa Swala, muwaikemo mu duwa zanu, iwo ndi mwanayo, komanso achimwene.