Maere a Alenje

Caka ndi caka, pamene cipale cofewa ciyamba kusungunuka m'mapiri a Rocky Mountains ku America, anthu zikwi zambiri amatumiza maina ao ku maboma a zigawo monga Wyoming, Colorado, Montana ndi New Mexico. Cimene amapempha ndico kapepala kamodzi, citupa colola munthu kupha nyama imodzi yochedwa elk. Opempha ndi ambiri, koma zitupa za malo abwino nzowerengeka, motero boma limacita maere. Wina amagwera mwai caka coyamba. Wina amalembetsa zaka makumi awiri, namera imvi asanaone citupa. Apa pali mafunso awiri oyenera kuwalingalira. Kodi nkoyenera kupha nyama kuti mtundu wace usungike? Ndipo ngati nkoyenera, kodi ncolungama kuti maere, amene alibe maso kapena cifundo, asankhe munthu wakupha?

Elk ndi nyama yaikulu yoposa mphalapala, ngakhale sifika pa nchefu yamphongo. Yamphongo imalemera makilogramu oposa 300, ndipo nyanga zace zili ndi nthambi ngati mtengo. Nyangazi zimagwa pakutha pa dzinja la cisanu, nizimeranso zatsopano caka comweco. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala zamphongo zimaliza liu lonthethemera ngati mluzu, nizimenyana polimbirana zazikazi. Zazikazi zilibe nyanga, ndipo zimaswa mwana mmodzi m'mwezi wa Meyi kapena Juni.

Akatswiri amayerekeza kuti Azungu asanafike m'dzikomo munali elk zokwana mamiliyoni 10. Pofika ciyambi ca zaka za m'ma 1900 zinatsala zosakwana 100,000. Anthu ankazipha cifukwa ca zikopa ndi nyama yogulitsa m'misika, ndipo ena ankapha nyama yathunthu kuti acotse mano awiri okha a m'mwamba, amene ankavalidwa monga cokometsera, mtembo wonse nuolera m'thengo. Elk za kum'mawa kwa dzikolo zinatheratu m'zaka za m'ma 1870. Ambiri mwa anthu amene anacita izi sanali oipa mtima koposa anzao. Mlenje aliyense ankati mumtima mwace: ndikaisiya ine, aipha mnzanga mawa. Ganizo limeneli linali loona kwa munthu mmodzi-mmodzi, koma pamene onse analitsata linaononga cuma ca onse.

Cipulumutso cinacokera kwa alenje omwewo. M'caka ca 1887 Theodore Roosevelt, amene pambuyo pace anakhala mtsogoleri wa dziko, pamodzi ndi George Bird Grinnell anayambitsa bungwe la alenje lochedwa Boone and Crockett Club, limene linalimbikira kuti pakhale malamulo a kasakidwe. M'caka ca 1900 lamulo la Lacey linaletsa kunyamula nyama yophedwa mwakuba kucokera m'cigawo cina kunka ku cina. M'caka ca 1937 lamulo la Pittman ndi Robertson linapatula msonkho wa mfuti ndi zipolopolo kuti ugwire nchito yosamala nyama ndi malo ao. Elk zinatengedwa ku malo amene zinatsala nizikaikidwa kumene zinatha. Ku Kentucky anabwezako zoposa 1,500 pakati pa 1997 ndi 2002. Masiku ano m'America wa Kumpoto muli elk monga miliyoni imodzi.

Munthu wacifundo angathe kunena kuti, popeza mfuti ndiyo inaononga, cabwino nkuitaya mfutiyo, nyama zikhale mwa mtendere. Mbiri ya nkhalango ya Yellowstone iyankha mau amenewa. Nkhalangoyi inapatulidwa m'caka ca 1872, ndipo pambuyo pace kusaka kunaletsedwamo. Koma osunga nkhalango ankaona mimbulu ngati mdani wa nyama zokondedwa, naipha kufikira inatheratu ca m'ma 1926. Elk zinaswana popanda woziopsa, nizidya mitengo yanthete ya m'mbali mwa mitsinje isanakule. Walira mvula walira matope: amene anafuna elk zambiri anazipeza, napezanso msipu wotha ndi nyama zofa ndi njala m'nyengo ya cisanu. Osunga nkhalango anayamba kuziombera okha, ndipo m'dzinja la 1961 ndi 1962 anapha zoposa 4,000. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo m'caka ca 1968 kuphako kunaleka. Gulu la kumpoto kwa nkhalango linakweranso kufika monga 19,000 m'caka ca 1994. M'zaka za 1995 ndi 1996 anabweretsa mimbulu 31 yocokera ku Canada, ndipo pofika 2013 gulu lija linatsika kufika monga 4,000. Akatswiri amati mimbulu, zimbalangondo, cilala ndi alenje osaka kunja kwa malire zonse zinathandizana pakutsitsa ciwerengeroco.

Kummwera kwa nkhalangoyi, m'cigwa ca Jackson Hole, alimi a ng'ombe anatenga malo amene elk zinkatsikirako pothawa cisanu ca m'mapiri. Zambiri zinafa ndi njala, ndipo m'caka ca 1912 boma linapatula malo ozisungira ndi kuzidyetsa m'dzinja. Cifundo cimeneci cinapulumutsa gulu, koma nyama zikwi-zikwi zikaunjikana pa malo amodzi matenda amafala msanga.

Tsono yankho la funso loyamba liyamba kuoneka. Munthu amene anamanga mipanda m'zigwa, nalima madambo, napha zilombo zimene zinkacepetsa gulu, sangathe kusamba m'manja nkunena kuti imfa ya nyamazi si mlandu wace. Akaleka kupha ndi mfuti, imfa imabwerabe mwa njala ndi matenda, ndiyo imfa yowawa ndi yocedwa. M'nkhalango zazikulu angathe kubweza mimbulu, koma pafupi ndi midzi ndi makola a ng'ombe eni ziweto saivomera. Kumeneko nchito ya mmbulu yagwera mlenje. Kupha kotere nkololeka pa cifukwa cimodzi cokha, ndico cakuti ciwerengero ca zophedwa cicokere pa ubwino wa gulu ndi wa msipu, cisacokere pa cilakolako ca osaka. Cifukwa cace anchito a boma amauluka pa ndege m'nyengo ya cisanu nawerenga nyama, naona kuti pa zazikazi 100 pali ana angati ndi zamphongo zingati, ndipo akatero ndipo amanena kucuruka kwa zitupa.

Funso laciwiri ndilo lovuta koposa. Zitupa zikacepa, apatsidwe yani? Ku Ulaya kale nyama za m'thengo zinali za mfumu ndi za eni minda yaikulu, ndipo mmphawi wogwidwa alikusaka ankalangidwa koopsa. Ku America lamulo linatsata njira yina, lati nyama nza anthu onse, ndipo boma lingozisunga m'malo mwao. Makolo a Acewa ndi Ansenga anali nalo ganizo lofanana pang'ono, pakuti mlenje akapha nyama yaikulu ankapereka mwendo kwa mfumu, ndipo nyanga ya njobvu yokhudza pansi inali ya mwini dziko. Mwambo umenewu unkakumbutsa mlenje kuti nyama si yace yekha. Koma cinthu ca onse cikakhala cosakwanira onse, pafunika njira yogawira, ndipo anthu apeza njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo ndalama. Zigawo zina zimapatula zitupa zowerengeka nizigulitsa kwa wochula mtengo woposa anzace, ndipo citupa cimodzi cafikapo pa madola zikwi mazana angapo. Oikira kumbuyo njirayi amati nyama imodzi yafa, koma ndalama zace zagula msipu ndi madzi a nyama zikwi. Mau amenewa ali ndi mphamvu. Komatu njirayi ikakula, nyama ya onse isanduka ya olemera, ndipo mmphawi woona kuti nyamazo zilibe phindu kwa iye amaleka kuzisamala, kapena amayamba kuzisaka usiku. Ndalama zimalowanso mwa njira yina, pakuti mlendo wocokera ku cigawo cina amalipira koposa nzika. Ku Montana m'caka ca 1976 nzika inkagula citupa ca elk ndi madola 9, pamene mlendo ankayenera kugula citupa ca nyama zingapo ca madola 225. M'caka ca 1978 bwalo lalikulu la milandu la United States linagamula kuti kusiyanitsa kumeneku sikuphwanya malamulo.

Njira yaciwiri ndiyo kudikira. Ku Colorado munthu akalephera caka cino amalemberedwa cizindikiro cimodzi, ndipo zitupa zambiri zimapita kwa amene ali ndi zizindikiro zoposa anzao. Poyamba njirayi imaoneka yolungama, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma opempha akacuruka koposa zitupa, mzere umatalika caka ndi caka. Pali malo ena amene amafuna zizindikiro za zaka zoposa 20, ndipo mnyamata woyamba lero sangathe kuwapeza amene anayamba iye asanabadwe. Motero mphotho ya kudekha yasanduka mphotho ya kubadwa msanga, cinthu cimene munthu sacisankha.

Njira yacitatu ndiyo maere okha-okha, monga acitira ku Idaho ndi ku New Mexico, kumene wopempha koyamba ndi wopempha kwa zaka 30 amaima pa malo amodzi. Otsutsa amati maere ndi akhungu. Saona kuti uyu afuna nyama yodyetsa ana ace dzinja lonse, pamene uyo afuna nyanga zopacika pa khoma. Saona kuti uyu ndi nkhalamba imene miyendo yace sidzakweranso phiri caka camawa. Zonsezi nzoona. Koma khungu lomweli ndilo ubwino wa maere, pakuti salandira ciphuphu, sadziwa mphwa wa bwana, ndipo sanyengedwa ndi pakamwa pokoma. Kukanakhala kuti kalaliki wa boma aweruza yekha amene ali wosowa ndi amene ali woyenera, aliyense akanadzicha wosowa, ndipo oyandikana ndi kalalikiyo akanapambana. Pamene anthu ali ndi ufulu wofanana pa cinthu cosagawika, ndipo palibe muyeso woona wowasiyanitsira, kupatsa onse mwai wofanana ndiko cilungamo cimene catsala.

Komabe maere sangasenze mlandu wonse, cifukwa amabwera potsiriza. Asanacitike, anthu atha kale kupangana kuti alowe ndani ndi kuti alipire zingati. Ku New Mexico zitupa 84 mwa 100 zili zonse za m'maere zimasungidwira nzika. Palinso anthu amene ankasaka elk kale-kale maere asanaganizidwe. M'caka ca 1868 mtundu wa Crow unapereka dziko lalikulu kwa boma la United States, nulonjezedwa ufulu wosaka m'malo osakhalidwa ndi anthu. Pamene munthu wa mtunduwu anaimbidwa mlandu wopha elk ku Wyoming popanda citupa, bwalo lalikulu linagamula m'caka ca 2019 kuti pangano lija silinafe pamene Wyoming inakhala cigawo. Kuponya munthu wotere m'maere pamodzi ndi mlendo wa dzulo kungaoneke ngati kuwalinganiza, koma ndiko kufafaniza lonjezo. Maere ndi olungama pakati pa anthu ofanana okha, ndipo kudziwa amene ali ofanana ndiyo nchito imene anthu ayenera kuigwira ndi nzeru zao.

Cotsalira ndico mtima wa amene wagwera mwai. Alenje ambiri amanena kuti amasaka pofuna kusamala gulu, ndipo pali coyesera mau ao. Yamphongo imodzi imakwana kukwera zazikazi zambiri, kotero kupha zamphongo sikucepetsa ana obadwa caka camawa. Gulu likacuruka koposa msipu, zoyenera kuphedwa nzazikazi, zimene zilibe nyanga zodzitamira nazo. Koma zitupa zimene anthu amalimbirana koposa ndi za zamphongo za nyanga zazikulu, pamene za zazikazi zimapezeka mosavuta. Munthu wotenga citupa ca yaikazi, nasenza nyama yonse pamsana kutsika nayo phiri, wagwira nchito imene gulu likuifuna. Lamulo la zigawozi limalanga mlenje wotenga nyanga nasiya nyama kuti iole, ndipo lamulo limeneli likumbukira mitembo ija imene inaolera mano awiri.

Wopambana pa maere sanaposa mnzace nzeru kapena khama. Walandira cinthu cimene anthu zikwi anacifuna nacisowa, ndiponso cimene cinasungidwa ndi msonkho ndi kudziletsa kwa mibadwo imene inafa kale. Cifukwa cace ayenera kuombera pokha-pokha pamene adziwa kuti nyama igwa msanga, kuilondola ikavulala ngakhale dzuwa litalowa, ndi kugawira ena nyamayo. Wolephera naye ali ndi gawo lace, ndilo kupacika mfuti yace caka cimeneco popanda kunka m'thengo mwakuba. Iye sadzaona nyama imene waisiya, ndipo palibe amene adzamtamande. Koma elk zili m'mapiri a Rocky Mountains lero cifukwa ca anthu otere, amene anali ndi mfuti ndi zipolopolo, naona dzina lao silinatuluke, nabwerera kwao kukadikira caka cina.