Miyala Ikafunsidwa, Ayankhe Ndani?

Pa chilumba cha Ilha de Moçambique, mlendo wa kathumba kolemerako amalemba munthu womuperekeza yekha tsiku lonse. Amayambira kumpoto, kumene kuli linga la São Sebastião ndi katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte kamene Apwitikizi anamanga mu 1522, n'kumasirira zipupa zochindikala. Akamalowera kummwera amaona kuti msewu uli pamwamba, pamene nyumba zofolera ndi masamba a kokonati zili m'munsi ngati m'dzenje. Ndi dzenjedi, chifukwa miyala yomangira tauni ya mabwana inakumbidwa pomwepo, amphawi n'kumanga m'maenje otsalawo. Woperekeza wina akhoza kunena zimenezi, wina akhoza kudutsapo akukamba za UNESCO, imene inalemba chilumbachi m'kaundula wake mu 1991. Onse awiri sananame, koma ine ndikuti woyamba wachita chilungamo, wachiwiriyo walakwira akufa.

Nyumba payokha silankhula. M'buku la Yoswa, Aisraele ataoloka Yordano anaimika miyala 12 kuti ana akamadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzafotokoze. Chikumbutso chinali m'kufunsa ndi m'kuyankha. Popanda woyankha, imeneyo inali miyala wamba. Kwathunso mwana amaletsedwa kuloza manda ndi chala, ndipo munthu salowa kumanda popanda eni mudzi kudziwa. Tsono woperekeza alendo ntchito yake ndi yoloza. Amene amalandira ndalama kuti aloze ndi kulankhulira miyala wasenza ngongole kwa amene anaiswa, anainyamula ndi kugona pansi pake.

Nkhaniyi imakhudza Amalawi kwambiri tikafika ku Mbare mu Harare, kumene alendo ena amaperekezedwanso masiku ano. Lokeshoniyi inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo kale inkatchedwa Harari, mzinda usanasiye dzina la Salisbury mu 1982. Zoti aone zilipo: msika wa Mbare Musika, holo ya Stodart imene matupi a ngwazi za dziko amayamba afikako asanapite ku Heroes Acre, ndi bwalo la Rufaro kumene dziko linalandirira ufulu mu Epulo 1980, Bob Marley akuimba. Kulinso midadada ya Matapi, imene atsamunda anamangira amuna okhaokha ogwira ntchito m'tauni. Lero chipinda cha mbeta chimasunga banja lonse, mwinanso mabanja awiri olekanitsidwa ndi katani, ndipo chimbudzi ndi cha onse a m'khonde limenelo. Ambiri mwa amuna amene ankagona m'zipinda zotere anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ena obwera pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ena pansi ndithu. Kumudzi amene sanabwerere ankatchedwa matchona, ku Salisbury ankawanena kuti mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. Ndi anthu amenewa amene m'busa T.C.B. Vlok wa ku Nkhoma anawalondola ku Salisbury mu 1912, ndipo ntchitoyo inabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Woperekeza akaonetsa Rufaro ndi Stodart osatchula anthuwa, wafotokoza Mbare ya andale okha, n'kuwasandutsanso alendo anthu amene lamulo la unzika la 2001 linawasiya opanda kwawo mpaka malamulo aakulu a 2013 atakonzako zinthu.

Alipo amene anganene kuti ulendo wotere ndi wochititsa manyazi kuyambira pachiyambi, kuti munthu wokhuta akulipira kuti akaone umphawi wa mnzake ngati akuona njovu ku Hwange. Mawuwa ndi olemera. Mayi amene akuchapa pampopi pa Matapi sanavomere kukhala chithunzi mufoni ya munthu, ndipo ndalama imene yalipidwa nthawi zambiri siimudutsa m'manja. Koma choipa apa ndi kulowa popanda odi. Mlendo wobwera ndi mwana wa pomwepo, amene anthu akumudziwa ndipo mawa adzamufunsa zimene wanena, amalowa ngati mlendo wa pakhomo. Amapereka moni, amapempha asanajambule, akakanizidwa amabweza foni m'thumba. Kutseka Mbare kuti asaonedwe sikuteteza aliyense. Mu 2005, pa Operation Murambatsvina, boma linagwetsa nyumba ndi misika, ndipo lipoti la United Nations limene Anna Tibaijuka analemba linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Malo amene mbiri yake palibe akuifotokoza savuta kuwatcha zinyalala.

Chotsutsa chachiwiri n'chovuta kuposa choyambacho. Wolipira ndiye bwana, ndipo woperekeza wanjala amaphunzira msanga nkhani imene imamasula chikwama: wina afuna zomvetsa chisoni, wina afuna zigure za Gule Wamkulu zivinire iye masana popanda maliro kapena chinamwali. Izi zimachitikadi, ndipo sindikhulupirira kuti zingatheretu. Komabe ulendo wa munthu mmodzi kapena awiri uli ndi mwayi umene basi yodzaza alendo ilibe. Mlendo amafunsa, n'kufunsanso, ndipo paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Funso loti kodi anamanga ndani, ankalandira zingati, anaikidwa kuti, limakakamiza woperekeza kupita kukafunsa agogo ake.

Ena amati kukongola kwa nyumba kumakwana pakokha, munthu asirire chipilala osasenzetsedwa milandu ya makolo a ena. Angapite ku Zanzibar akaone tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene chinamangidwa pamalo pa msika wa akapolo utatsekedwa mu 1873. Ena mwa ogulitsidwa pamsikawo anachokera m'mbali mwa nyanja yathu, kudzera kwa a Jumbe ku Nkhotakota ndi ku Kilwa. Amene wamva zimenezi tchalitchicho sichimunyansa, amangochiona chonse, pamene wosamva waona theka.

Chodetsa nkhawa ku Harare ndi chakuti oyankha akutha. Amene anaoloka Zambezi m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 atsala owerengeka ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, ndipo zidzukulu zambiri zimalankhula Chishona, Chichewa n'kumachimva kutchalitchi, kumaliro ndi kudambwe. Mwa zidzukulu zimenezi ndimo mungachokere woperekeza amene angaime pakhomo la chipinda cha ku Matapi, n'kutchula dzina la munthu amene ankagonamo ndi mudzi wake wa ku Dedza kapena ku Mangochi.