Kodi Mfuti Ikakalamba Imayera?

Ku America kuli anthu amene amathera ndalama ndi nthawi yawo posaka mfuti zakale zankhondo. Amayenda m'misika ya okushoni, amawerenga mabuku akuluakulu ofotokoza zidindo za pamfuti, ndipo akaipeza imene akuifuna amaipachika pakhoma ngati chithunzi cha kholo. Ambiri sayerekeza n'komwe kuiwomba poopa kuiwononga. Lamulo la dziko lawo la m'chaka cha 1968 linaika mfuti zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake m'gulu la zinthu zamakedzana, kotero boma lalikulu siliziona monga limaonera mfuti zamakono. Pamaso pa lamulo, mfuti ikakalamba imapuma pantchito. Funso limene ndikufuna tilingalire ndi lakuti kodi imapumanso pamaso pa chikumbumtima?

Mfuti zimene anthuwa amazikonda kwambiri ndi zotchedwa flintlock, zapachibale ndi za gogodera zimene agogo athu ankazidziwa. Msilikali ankaluma kapepala kokulungamo wonga ndi chipolopolo cha mtovu, n'kuthira wonga pang'ono m'kambale ka pambali, wotsalawo n'kukhuthulira kukamwa kwa mpope, kenaka n'kutsindira chipolopolo ndi ndodo yachitsulo. Akakoka chowombera, kamwala kolimba kankamenya chitsulo, mbaliwali za moto n'kugwera pa wonga. Msilikali wozolowera ankawomba pafupifupi katatu pa mphindi imodzi. Mvula ikagwa mfuti inkakana, ndipo munthu akatalikira mamita 100 chipolopolo chinkangopita kumene chafuna. N'chifukwa chake asilikali ankaima mondondozana n'kuwombera pamodzi, ndipo ntchito yotsala inkamalizidwa ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti, maso ndi maso.

Tisafulumire kuwaweruza osonkhanitsa mfutiwa, pakuti zimene amasunga zili ndi mbiri yolemera. Pa nkhondo yomenyera ufulu wawo kuchoka mu ulamuliro wa Britain, Amerika anadalira kwambiri mfuti zochokera ku France, zimene zinayamba kufika zambiri mu 1777. Atapeza ufulu anaona kuti dziko lodalira mfuti zobwereka silinaime palokha. Choncho mu 1794 boma la George Washington linakhazikitsa malo opangira zida ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, ndipo mfuti yoyamba ya kumeneko, ya mtundu wa 1795, inatengera kapangidwe ka mfuti ya Charleville ya ku France. Malo ena anamangidwa ku Harpers Ferry. Mfuti ya mtundu wa 1816 yokha anapanga zoposa theka la miliyoni. M'malo amenewa ndi mmene munakulira luso lopanga zipangizo zofanana ndendende, zoti chimodzi chikathyoka ungolowetsapo china, luso limene pambuyo pake linathandiza popanga mawotchi, makina osokera ndi njinga. Munthu woyang'ana mfuti yotere ndi maso a mmisiri ali ndi chifukwa chogomera.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mwambo wawo wa kukhulupirika. Wosonkhanitsa weniweni sapala dzimbiri kapena kuda kumene zaka zasiya pachitsulo. Amati ukapala wachotsa umboni, ndipo mtengo wa mfutiyo umatsika. Palinso nkhani ina. M'zaka za m'ma 1840 ndi 1850 boma la America linasintha mfuti zambiri za kamwala kuti ziziyaka ndi kachipewa ka mkuwa, njira yosaopa mvula kwenikweni. Patapita zaka, amalonda ena anayamba kuzibwezera kukhala za kamwala kuti azigulitse modula. Wogulitsa mfuti yobwezeredwa osaulula amatengedwa ngati wakuba. Wogula wochenjera amapenda dzina la Springfield, chithunzi cha chiwombankhanga ndi chaka zodindidwa pachitsulo, komanso kachidindo ka woyendera ntchito kapathabwa, kuti atsimikize kuti sakunamizidwa. M'mawu achidule, lamulo lawo ndi lakuti chinthu chizinena zoona za moyo wake wonse.

Lamulo limeneli n'labwino, ndipo ndi lomwelo limene ndikufuna kuwayesa nalo. Ngati kupala dzimbiri ndi chinyengo, nanga kupala mbiri ndi chiyani?

Taonani zimene mfutizi zinaona. Lamulo la mu 1792 linalamula mwamuna aliyense wamphamvu wa zaka zoyambira 18 mpaka 45 kuti adzipezere mfuti yotetezera dziko, koma linatchula momveka kuti likunena za mzungu amene ndi mfulu. Chida cha ufulu chinabadwa chikudziwa kale amene sayenera kuchigwira. Eli Whitney, amene mu 1798 anapangana ndi boma kuti apanga mfuti 10,000 ndipo anadzamaliza mu 1809, ndi yemweyo amene mu 1794 analembetsa makina opuntha thonje. Makinawo anachititsa kuti ulimi wa thonje upindule kwambiri, ndipo akapolo m'dzikomo anachuluka kuchoka pafupifupi 700,000 mu 1790 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860. Dzina limene wosonkhanitsa amanyadira kuliona pachitsulo lili ndi mthunzi wautali chotere.

Taonaninso nkhondo ya ku New Orleans ya pa 8 Januwale 1815, imene Amerika amaikumbukira monyadira. Pansi pa Andrew Jackson panamenya azungu, anthu akuda amene anali mfulu, ndiponso ankhondo a mtundu wa Choctaw, eni nthaka. Patangopita zaka 15, Jackson yemweyo ali pulezidenti anasaina lamulo la mu 1830 losamutsa eni nthaka kuwapititsa kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi, ndipo a Choctaw ndiwo anayamba kusamutsidwa. Mu 1838 asilikali otsogozedwa ndi Winfield Scott anatulutsa a Cherokee m'nyumba zawo atawaloza mipeni ya pamfuti. Olemba mbiri ambiri amati anthu pafupifupi 4,000 anafa pa msamuko umenewo. Mfuti za m'manja mwa asilikaliwo zinali za banja lomweli la kamwala.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mfuti zambiri za nthawi imeneyo zilibe nambala yoti n'kulondolera amene anaigwira. Mwini wake lero akudziwa kumene inapangidwa ndi chaka chake, koma kawirikawiri sangadziwe ngati inateteza mudzi kapena inathamangitsa mayi ndi mwana kumbuyo. Mtima wa munthu ukapatsidwa mpata wosankha, umasankha nkhani yokoma. Aliyense amafuna kuti yake ikhale ya ngwazi. Komatu zonse sizingakhale za ngwazi, pakuti ena ndithu anaima pakhomo la a Cherokee. Munthu wosadziwa mbali imene mfuti yake inaima alibe ufulu wotenga ulemerero wokha n'kusiya misozi. Makolo athu anati mlandu suola. Thabwa limafumbwa, chitsulo chimachita dzimbiri, koma chimene chinachitidwa chimakhala chilipobe. Ife a kuno, amene midzi yathu inapasuka ndi gogodera wa ogula akapolo a ku Nkhotakota ndi ku Karonga, sitifunika kuuzidwa kawiri kuti mfuti yakale sinali chidole.

Wina angati, ngati zili choncho bwanji osangoziphwanya zonse? Maganizo amenewa ali ndi mphamvu yake. Anzathu a ku Mozambique, nkhondo yawo yapachiweniweni itatha mu 1992, anayamba mu 1995 ntchito yotsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri anapanga nazo zosemasema, monga mpando wa mfuti umene uli ku British Museum ku London. Koma tizindikire zinthu ziwiri. Choyamba, zimenezo zinali mfuti zamoyo, zotha kuphanso mawa lake, pamene ya kamwala inaleka kalekale kukhala chida cha asilikali. Chachiwiri, ngakhale a ku Mozambique sanazitaye m'nyanja. Anazisunga m'maonekedwe oti aliyense woona mpandowo akumbukire zimene zinachitika. Kuphwanya umboni sikudzutsa akufa, kumangothandiza amoyo kuiwala, ndipo woiwala sachedwa kubwereza.

Choncho ine sindiona tchimo m'kusunga mfuti yakale. Tchimo limalowa pamene wosungayo asanduka wopembedza. Kusiyana kwake kumaonekera pa zimene amanena mwana akamufunsa kuti, “Agogo, ichi chinali cha ntchito yanji?” Wopembedza amasimba za kukongola kwa thabwa, za ukatswiri wa amisiri a ku Springfield ndi za ndalama zimene angapeze atagulitsa, n'kulekera pomwepo. Msungi woona amanena zonsezo, kenaka n'kuwonjeza kuti chinapangidwa kuti chiphe munthu, kuti anthu ena anapeza nacho ufulu ndipo ena anataya nacho dziko lawo, ndi kuti iye sadziwa kuti chimenechi chinachita ziti. Mawu omalizawa sachotsa kanthu pa mtengo wa mfutiyo, ndipo amamupatsa mwanayo cholowa choposa chitsulo.

Malo opangira zida a ku Springfield anatsekedwa mu 1968, ndipo tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene alendo amaona mfuti zambirimbiri zitaimikidwa mondondozana. Dziko lingathe kuchita zimenezi ndi ndalama za boma ndi akatswiri a mbiri. Munthu wamba amene ali ndi mfuti imodzi pakhoma alibe akatswiri, koma udindo wake ndi womwewo, ndipo mwina ndi wolemererapo chifukwa palibe womuyang'anira. Iye yekha ndi amene amasankha chimene mlendo wake amve.

Mfuti ikakalamba siyera. Imangofooka, n'kusanduka mboni m'malo mwa chida. Amene walandira mboni m'nyumba mwake azilola kuti inene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, monga mmene amalolera dzimbiri kukhala pamalo pake.