Pamene Thupi la Mwana Linena Zimene Pakamwa Pabisa

Mawu a Mulungu: Nehemiya 2:1-8, 2 Samueli 13:1-22

Pamene Nehemiya, wopereka chikho m'nyumba ya mfumu ya Aperisi, adamva kuti malinga a Yerusalemu adagumuka ndi zipata zake zidapserera, adasunga chisonicho mumtima pafupifupi miyezi inayi, kufikira tsiku lija nkhope yake idaulula chimene pakamwa padabisa. Ndipo mfumu Aritasasta, munthu wosadziwa Yehova, poona kuti mtumiki wake wagwa nkhope osadwala, idazindikira kuti nthendayo ili mumtima, nimufunsa. Funso limene mfumu yachikunja idapatsa mtumiki wake ndilo ife makolo a mumpingo timamana ana athu obereka tokha.

Ndikumbukira msungwana wina wa zaka 15, wa m'kalasi la ubatizo, amene agogo ake adanditambasulira buku lake la kuchipatala titakhala pamphasa pakhonde. Masamba adali odzaza: mutu, m'mimba kupotokola, chizungulire, mtima kuthamanga, magazi adayezedwa kangapo konse, malungo osapezeka, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi panado m'kapepala. Pakhomo adayamba kumutcha waulesi wothawa khasu, ena nkumanong'ona za ufiti. Koma gogoyo, amene sadziwa ngakhale kulemba dzina lake, adaona chimene ife odziwa kuwerenga sitidachione, chakuti mutuwo unkayamba tsiku lililonse limene bambo wina wamkulu, amene adalonjeza kumlipirira fizi, ankabwera madzulo kudzacheza ndi atsibweni ake a mwanayo kuseri kwa nkhokwe. Ankakambirana za ukwati, mwana akumva zonse ali pamtondo.

Musaganize, abale anga, kuti mwana wotere akunama, pakuti Iye amene adaumba munthu ndi dothi, nauzira mpweya m'mphuno mwake, sadaike mpanda pakati pa thupi ndi mtima. Madokotala amatiuza kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo timene munthu akachita mantha timathira m'magazi zinthu zotchedwa adrenaline ndi cortisol, zimene zimathamangitsa mtima, kuumitsa minofu ya m'khosi ndi kusokoneza m'mimba, kuti munthuyo athe kuthawa chilombo. Koma ngati chilombocho chigona naye nyumba imodzi, ngati ndi bambo wobwera ataledzera usiku uliwonse, kapena anyamata omuzunza kusukulu yogonera, kapena njala ya mwezi wa Febuluwale, thupi limakhala chiimire usana ndi usiku kufikira litatopa, ndipo pamenepo mutu umawawadi, tulo timasowadi, nsima siitsika pakhosi. Ngakhale Hana, mkazi wamkulu, adaleka kudya chifukwa cha chipongwe cha Penina, mkazi mnzake. Nanga kamwana kamene sikadakhwime mafupa kadzapirira bwanji?

Taonani tsopano Tamara, mwana wamkazi wa mfumu Davide, amene atachitidwa chamanyazi ndi mlongo wake Amnoni adathira phulusa pamutu, nang'amba mwinjiro wake, nayenda akulira poyera. Abisalomu, mlongo wake wina, adamuuza kuti akhale chete popeza nkhaniyo idali ya pachibale. Davide adakwiya kwambiri, koma sitimva kuti adachitapo kanthu. Ndipo namwaliyo adatsala m'nyumba ya Abisalomu ali wosweka ndi wosiyidwa. Ndinena ndi chisoni kuti midzi yathu ili ndi a Tamara ambiri, ouzidwa kuti za m'nyumba saulula, amene lero timawaona akukomoka pamzere wa kusukulu kapena kudandaula chifuwa chosaoneka pa chithunzi cha kuchipatala. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo adanena zoona pa ife akuluakulu. Koma mwana amene wamangidwa pakamwa ndi ulemu umene tidamphunzitsa tokha sangatsekule chitsekocho, ayenera kugogoderedwa ndi wina wa kunja.

Enanso asenza katundu wosachita kuwasenzetsa munthu. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, nakwirira nyumba ku Chilobwe, nasesa midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, achinyamata amene adapulumuka adaona ndi maso awo zimene ngakhale nkhalamba sizidaonepo. Ndipo wotere akanjenjemera pomva mvula ikuwomba pamalata, musamseke.

Sindikunena kuti muleke kupita nawo kuchipatala, iyayi: malungo alipo, kuchepa kwa magazi kulipo, khunyu lilipo, ndipo mwana ayezedwe ndithu. Koma dokotala akanena kachitatu kuti sadapeze kanthu, musathamangire kwa sing'anga kukatchula dzina la nkhalamba yosalakwa. Muuzeni dokotalayo zimene zikuchitika pakhomo, pakuti matenda a nkhawa ndi kuganiza kwambiri ali ndi chithandizo chake monga matenda ena onse. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino sililola ukwati kwa wosakwana zaka 18, ndi kuti nambala ya 116 ndi yaulere, mwana kapena mkulu angaimbe kukanena za nkhanza.

Msungwana uja adachira pang'onopang'ono, amayi a chigwirizano atalowererapo ndi ukwati utalephereka. Chotero ndikupemphani inu amayi, inu abambo, inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe: madzulo ano, mbale zitatsukidwa, itanani mwana uja amene amadandaula mutu kawirikawiri, mukhale naye pansi pawiri popanda mkwapulo m'manja, mumfunse chimene chikumsautsa mumtima, ndipo akachedwa kuyankha, musanyamuke, dikirani. Amen.