Damu ndi nkhokwe, si munda

Anzanga apagulu pano, mukatsegula mpopi ku Kawale kapena ku Area 25, mumadziwa kumene madziwo achokera? Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, n'kudzaima kaye ku Malingunde, m'madamu awiri a Kamuzu. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989.

Komatu damu lili ngati nkhokwe: limasunga, silibala. Munda wake ndi nkhalango ija. Mitengo ikatha, madzi amvula salowa pansi, amangothamanga n'kukokolola dothi lokakwirira damu, ndipo pofika Okutobala mtsinje umakhala utaphwa. Mwaiwala 2016, madzi akubwera mosinthana masiku?

Ndiye wolakwa ndani? Timafulumira kuloza chala wootcha makala, mpaka mu 2015 boma linatumiza asilikali m'nkhalangomo. Chabwino. Nanga matumba odutsa pa Mitundu panjinga mbandakucha aja amapita kwa yani? Si kwa inu ndi ine? M'mawa tagula makala, madzulo tikudandaula kuti mpopi wauma.

Taganiziraninso mayi wokhala m'mphepete mwa nkhalangoyo. Tikumuuza asadule mtengo kuti ife tisambe m'tauni, chonsecho iye akutunga pachitsime. Chilungamo chili pati pamenepa?

Tikhoza kukweza khoma la damu, tikhoza kumanga lina pa Diamphwe, koma nayenso Diamphwe amachokera ku Dzalanyama komweko. Ngati wosunga gwero sapindula kanthu, ndiye kuti tikukuza nkhokwe munda titautentha. Aliyense womwa madzi amenewa ali ndi ngongole kwa wosiya mtengo uli chiimire. Inuyo mwabwezako zingati?