Musadye Mpamba

Funsani munthu aliyense pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu zimene akufuna kuchita chaka chino, akuyankhani mosajejema. Wina akufuna kufolera nyumba ndi malata, wina akusonkhanitsa ndalama za njinga yamoto ya kabaza, wina akungofuna kuti mwana wake alembe mayeso a Fomu 4 osathamangitsidwako chifukwa cha fizi. Mtengo wa thumba la simenti akuudziwa, tsiku logawana ndalama ku banki m'khonde ali nalo pamtima. Koma mufunseni kuti BP yake inali pati pamene anayezetsa komaliza, muona akuseka. "Ine ndili bwinobwino, sindidwaladwala."

Abale anga, mapulani onsewa atsamira pa thupi limodzi, lanulo. Wamalonda aliyense amadziwa kuti phindu ungadye koma mpamba sadya. Nanga bwanji ambirife tikudya mpamba wa thupi tsiku ndi tsiku, uku tikuwerengera phindu la mawa?

Tiyambe ndi malungo, matenda amene tinawazolowera mpaka kuwayesa mlendo wa pakhomo. Malungo amakula mphamvu m'dzinja, ndipo dzinja ndiyo nthawi yopalira, yobandira, yothira feteleza wobereketsa. Mlimi akagona sabata ziwiri mu Januwale, udzu sumudikira. Mkazi wake naye amasiya khasu kukadwazika matenda, ndalama ya feteleza imapita ku thiransipoti, ndipo pofika Meyi nkhokwe imaulula zonse. Chonsecho neti imene analandira ulere inakatchinga mbewu kudimba kapena ili kunyanja kugwira usipa. Kuyezetsa malungo ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala, zotsatira zimatuluka mphindi zochepa. Mankhwala a LA amamwa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, mpaka kumaliza. Ena akangomva kuti thupi lapepuka tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzamwe ulendo wina. Kumeneko si kusunga, ndi kuitananso malungo omwewo.

Koma malungo amachenjeza, munthu amanjenjemera n'kudziwa kuti wadwala. Mdani woopsa ndi amene sagogoda pachitseko. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Werengani anthu amene mwakhala nawo mu minibasi lero, muwagawe patatu. BP ikhoza kukhala yokwera zaka zambiri popanda mutu kuwawa. Mtima umapopa movutikira, mitsempha imauma, impso zimatopa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mtsempha wa mu ubongo n'kutsekeka kapena kuphulika. Bambo amene dzulo anakweza khoma kufika pawindo lero mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka. Ndiyeno m'mudzi mumayamba manong'onong'o akuti amulodza chifukwa cha nyumbayo, ndipo chala chimaloza agogo osalakwa. Zimandiwawa, chifukwa "mfiti" imeneyi ikanagwidwa kalekale ndi kalamba kaja kamene namwino amakulunga pamkono.

Tinazolowera kuyamikira zolakwika. Munthu akatulutsa mimba timati zikumuyendera. Akasiya kuyenda pansi, akamadya tchipisi cha pachiwaya masana aliwonse n'kutsitsira chakumwa chotsekemera, timati wafika. Akamathira shuga masupuni anayi mu tiyi palibe amene amadabwa. Mchere nawo timathira mumphika, kenako wina pambali pa mbale, pomwe a WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Chodabwitsa n'chakuti chakudya chimene chingatiteteze ndi chomwe timachichitira manyazi alendo akabwera: nsima ya mgaiwa, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba, usipa, mbatata. Mlimi wa ku Ntcheu sasowa masewera olimbitsa thupi, khasu limamukwanira. Koma inu a mu ofesi, amene mumachoka pampando wa galimoto kupita pampando wa pakompyuta, thupi likufuna mphindi 150 pa sabata zoyenda ndawala mpaka kukhetsa thukuta. Gawani nokha: theka la ola, masiku asanu.

Wina anena kuti imfa ilibe odi, aliyense ali ndi tsiku lake. Amene anaona zaka za m'ma 1990 ayankhe. Maliro anali tsiku ndi tsiku, aphunzitsi, anamwino, asilikali, akalaliki, anthu amene dziko linawaphunzitsa ndi ndalama zambiri, ankapita ali pachimake pa mphamvu zawo. Okhoma mabokosi ndiwo ankachita malonda. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV ulere, ndipo amene analimba mtima n'kukayezetsa, n'kumamwa mankhwala mokhulupirika, ambiri a iwo alipo mpaka lero. Anamanga nyumba zawo, anaphunzitsa ana, akunyamula zidzukulu. Zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zinali zosafika 50 nthawi imeneyo, lero zaposa 60. Tsiku lija ankati n'lolembedwa linasuntha chifukwa anthu anapita kuchipatala.

Abambo, apa ndikulankhula ndi inu. Amayi amapondako kuchipatala, kusikelo ya mimba ndi ya ana, ndipo amayezedwa. Ife timadikira mpaka kutinyamula pamachira. Timati mwamuna salira, timagula panado pagolosale, timatuma mkazi kuti akayezetse ngati kuti magazi ake ndi athu. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ulemu wanu suchepa chifukwa mwakhala pabenchi kudikira dokotala. Umachepa pamene ana asiya sukulu chifukwa bambo anaopa singano. Nanunso amayi, musathere pa kusamala ena okha. Khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, chonsecho ikapezeka isanakule imachizika. Pitani akakuyezeni, ndipo atsikana anu alandire katemera wa HPV.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, nthawi zina mumafika pawindo n'kuuzidwa kuti mankhwala atha mukagule. N'zoona, ndipo aphungu athu tiziwafunsa za zimenezi mosanyengerera, osati pa nthawi ya kampeni yokha. Koma tsiku limodzi lotayika pamzere musaliyerekeze ndi miyezi isanu ndi umodzi ya pamphasa. Matenda akakula sadya thupi lokha. Amadya mbuzi, amadya njinga, amadya malata aja munagula limodzilimodzi, kenako amakutumizani kwa wakatapila. Banja lonse limabwerera kumene linayambira.

Choncho dzukani! Zengerezu adalinda kwawukwawu. Musadikire Januwale kuti muyambe, musadikirenso maliro a mnzanu wa msinkhu wanu kuti akudzidzimutseni. Usiku uno kolekani neti. Mawa chotsani mchere wa pambali pa mbale. Ngati mowa ndi fodya zikudya ndalama ya simenti, dziwani kuti zikudyanso chiwindi ndi mapapo a womanga nyumbayo. Sabata ino tengani kabuku ka kuchipatala, kaya kanathothoka chikuto, mupite akakuyezeni BP, shuga ndi magazi. Musangomva kuti "zili bwino" kapena "yakwerako pang'ono", pemphani kuti manambalawo awalembe m'kabukumo ndipo akuuzeni tanthauzo lake. Manambala a BP akafika 140 pa 90 kapena kuposa, bwererani tsiku limene akuuzani kuti akayezenso. Akakupatsani mankhwala a BP, imwani tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, ndipo musasiye popanda dokotala kunena. Popita kumeneko mutenge mnzanu uja amati sadwaladwala.