Mkaka wa M'mawere Ukachepa, Mlandu Ndi wa Yani?

Pakati pa mafunso amene anthu opembedza amalimbana nawo, pali limodzi lomwe silimveka kawirikawiri paguwa kapena mumzikiti, koma limafunsidwa usiku m'nyumba zambiri momwe muli khanda lolira: ngati Mulungu ndiye wopereka mwana, n'chifukwa chiyani nthawi zina mkaka woti mwanayo ayamwe umachepa, ndipo kodi kuchepako ndi umboni woti wina walakwa? Funsoli ndi lolemera chifukwa yankho limene banja lasankha ndi lomwe limalamula zimene zichitike kukacha, kaya mwanayo apatsidwa phala nthawi isanakwane, kaya apita naye kwa sing'anga kapena kwa mneneri, kaya mayi ake akhazikidwa pansi n'kuthandizidwa kuti ayamwitse bwino.

Malemba Opatulika sabisa kuti mkaka ndi dalitso. Yakobo podalitsa mwana wake Yosefe, m'chaputala 49 cha Genesis, anawerengera mawere ndi mimba yobereka pamodzi ndi madalitso ochokera kumwamba, ndipo mneneri Hoseya, m'chaputala 9 cha buku lake, anatchula mawere ouma pakati pa zowawa zodzagwera mtundu wa Efraimu chifukwa cha kupanduka kwake. Kuchokera pamenepa anthu ambiri amafika pa ganizo looneka lolunjika, lakuti ngati kuchuluka kwa mkaka ndi chisomo, ndiye kuti kuchepa kwake ndi mkwiyo wa Mulungu pa mayiyo. Ganizoli limalephera likayesedwa ndi Malemba omwewo, pakuti Hoseya ankalankhula za mtundu wonse umene unali pa chiweruzo, sankapereka njira yodziwira tchimo la mkazi mmodzi poyang'ana bere lake. Ndipo buku la Maliro, pofotokoza makanda amene lilime lawo linauma ndi ludzu pamene Ababulo anazinga Yerusalemu, likuonetsa amayi amene anavutika ndi njala yobwera ndi nkhondo ya mafumu, osati njala imene iwo anaiitana. Yesu naye, m'chaputala 9 cha Yohane, atafunsidwa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake, ndipo m'malo mofufuza mlandu anayamba ntchito yomuchiritsa.

Mwambo wa Achewa uli ndi njira yakeyake yofunsira funso lomweli. Chikhulupiriro cha mdulo chimaphunzitsa kuti munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakhala wotentha, ndipo akhoza kuvulaza wozizira, monga khanda lomwe silinachitiridwe mwambo wolitengera kumphasa, kotero mwana akayamba kuwonda kapena kutupa akuluakulu amanena kuti watsemphedwa ndipo amafunsa kuti mwa makolo awiriwa wadumpha mwambo ndani. Si chilungamo kunyoza chikhulupirirochi ngati umbuli chabe, chifukwa chinkathandiza kuti ana abadwe motalikirana, chinkapatsa mayi nthawi yoti thupi lake libwerere, ndiponso chinkakumbutsa bambo kuti khalidwe lake limakhudza moyo wa mwana. Chofooka chake n'chakuti chimatembenuza maso a banja kuchoka pa mwana amene sakukhuta n'kuwaika pa kusaka wolakwa, ndipo masiku amene atha pozenga mlanduwo ndi masiku omwe mkaka ukanawonjezeka.

Kuti funsoli liyankhidwe moona mtima, m'pofunika kumvetsa mmene thupi limapangira mkaka. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi mahomoni, omwe ndi timadzi ta m'thupi totumiza mauthenga kudzera m'magazi, ndipo awiri mwa iwo amachokera m'kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Woyamba ndi prolactin, amene amalamula bere kupanga mkaka ndipo amachuluka mwana akamayamwa, makamaka usiku. Wachiwiri ndi oxytocin, amene amafinya timatumba ta mkaka m'kati mwa bere kuti mkakawo utsike n'kufika pakamwa pa mwana. M'masiku oyamba bere limatulutsa mkaka wachikasu wochepa koma wodzaza ndi chitetezo, wokwanira mimba ya khanda yomwe idakali yaing'ono kwambiri, ndipo mkaka wambiri umabwera cha pa tsiku lachitatu, pamene mahomoni a pakati atsika chifukwa nsengwa, yomwe inkadyetsa mwana m'mimba, yatuluka. Kuyambira pamenepo bere limakhala ngati chitsime cha m'dambo chimene chimadzaza pamene anthu akutunga: likatsala lodzaza limachepetsa kupanga, likakhuthulidwa kawirikawiri limawonjezera.

Izi zikutanthauza kuti njira yaikulu yowonjezera mkaka ili pa kuuchotsa m'bere pafupipafupi ndiponso moyenera. Mwana wakhanda amafunika kuyamwa ka 8 mpaka 12 pa maola 24, usana ndi usiku, atayasamula kukamwa mokwanira kuti alowetse osati nsonga ya bere yokha komanso gawo lalikulu la malo akuda oizungulira, chibwano chake chitagunda bere. Ndipo ngati ndi wofooka kapena wobadwa masiku asanakwane, mayi amafinya mkaka ndi manja n'kumumwetsa ndi kakapu, kwinaku akumusunga pachifuwa khungu ndi khungu. Amayi ambiri amene amaganiza kuti alibe mkaka amakhala nawo wokwanira, koma amasokonezeka poona kuti mawere afewa pakatha masabata angapo kapena kuti mwana akufuna kuyamwa mobwerezabwereza madzulo, zomwe ndi zachibadwa. Mboni zodalirika ndi matewera onyowa osachepera 6 pa tsiku mwana akapitirira masiku 5, kubwerera pa kulemera kumene anabadwa nako pofika masabata awiri, ndi mzere wokwera m'kabuku ka kusikelo. Choopsa n'chakuti mantha akachititsa agogo kupereka madzi kapena phala, mwana amakhuta zinthu zopanda mphamvu, amayamwa pang'ono, bere limachepetsadi mkaka, ndipo chimene chinali chikayikiro chabe chimasanduka choona. Thobwa, phala la nsinjiro ndi zakudya zina zomwe amayi oyamwitsa amapatsidwa n'zabwino chifukwa zimapatsa mayi mphamvu ndi madzi, ndiponso zimamuonetsa kuti pali omusamala, koma pazokha sizingalowe m'malo mwa kuyamwa kwa mwana.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha thupi chimakumana ndi chiphunzitso cha chikhulupiriro mwa njira yofunika kuilingalira mofatsa. Oxytocin amamvera mtima wa mayi: ululu, mantha, manyazi ndi nkhawa zimatha kutsekereza kutsika kwa mkaka kwa kanthawi, pamene mtendere ndi kukhudzana ndi mwana zimauthandiza. Motero mayi amene wauzidwa ndi apongozi ake kuti mkaka wake wauma chifukwa cha chigololo, kapena amene wauzidwa pa mapemphero kuti ali ndi temberero la kumtundu, amachoka pamenepo ali ndi katundu amene akupanikiza chinthu chomwecho chimene anthuwo amati akufuna kukonza. Kuweruza sikuti n'kolakwika pa chiphunzitso chokha, koma kumagwira ntchito m'thupi motsutsana ndi moyo wa mwana. Pemphero lomwe limakhazika mtima pansi lili ndi malo ake enieni pambali pa mayi woyamwitsa, koma pemphero lomwe limamulamula kusala kudya masiku angapo kapena kuchezera kuphiri atasiya khanda kunyumba limachotsa njira zimene Mlengi anaika kuti mphatso yake idutsemo. Malamulo a Chisilamu anazindikira zimenezi kalekale polola mayi woyamwitsa kusiya kusala m'mwezi wa Ramadan ngati akuopera moyo wake kapena wa mwana wake. Kunena kuti mkaka ndi mphatso sikutsutsana ndi kunena kuti uli ndi njira zake, pakuti palibe mphatso ya m'chilengedwe imene imafika kwa munthu popanda njira, ndipo kunyoza njirazo m'dzina la chikhulupiriro n'kunyoza wozikonza.

Komabe pali cholakwa china chimene chimabwera kuchokera mbali ya akuchipatala ndi aphungu a zaumoyo, ndipo n'chobisika chifukwa chimavala chovala cha sayansi. Uthenga wa bungwe la WHO ndi la UNICEF woti mwana ayambe kuyamwa mu ola loyamba, ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, kutanthauza bere lokha popanda ngakhale madzi, ndi kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndi woona ndipo wapulumutsa ana osawerengeka, monganso malamulo a 1981 oletsa makampani kutsatsa mkaka wa m'chitini mosocheretsa. Koma uthengawu ukafupikitsidwa kukhala wakuti mayi aliyense angathe ngati atalimbikira, umabala chiweruzo chatsopano, chakuti wolephera ndi waulesi, ndipo ichi n'chimodzimodzi ndi kunena kuti ndi wochimwa. Alipo amayi, ngakhale ndi ochepa, amene thupi lawo silingapange mkaka wokwanira ngakhale atachita zonse: ena chifukwa chidutswa cha nsengwa chinatsalira m'chiberekero, ena chifukwa cha matenda a chithokomiro, ena chifukwa anachitidwa opaleshoni ya bere kapena anabadwa ndi timatumba tochepa topangira mkaka, ndipo ena chifukwa anataya magazi ochuluka pobereka mpaka pituitary inawonongeka, vuto limene dokotala Harold Sheehan analifotokoza mu 1937. Zina mwa izi zimachizika zikadziwika msanga, monganso kuchepa kwa mkaka kobwera ndi mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen akayambidwa mofulumira, ndipo n'chifukwa chake mwana wosakwera sikelo ayenera kuonedwa kuchipatala pamodzi ndi mayi ake. Zina sizichizika, ndipo mayi wotero amafunika kuuzidwa zoona popanda kumuchititsa manyazi.

Zipembedzo zakale zinali zofatsa pa mfundoyi kuposa alaliki ena a lero, chifukwa sizinkayesa umayi ndi kuchuluka kwa mkaka, ndipo zinkadziwa kuti mwana angathe kuleredwa ndi bere la mkazi wina popanda chitonzo. Genesis 35 inasunga dzina la Debora, mlezi wa Rebeka, ndi malo a manda ake pansi pa mtengo pafupi ndi Beteli, ulemu umene akazi ambiri otchuka sanaulandire. Qur'an, mu Surah Al-Baqarah ndime 233, imatchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa, imaika pa bambo udindo wa chakudya ndi zovala za mayi, imaletsa kuti mayi azunzike chifukwa cha mwana wake, ndipo imalola makolo kupeza mkazi wina woyamwitsa bola amulipire moyenera. Mtumiki Muhammad mwiniyo anayamwitsidwa ndi Halima wa fuko la Banu Sa'd, ndipo Chisilamu chimalemekeza kuyamwitsa kotere mpaka kukuyesa chibale, kotero kuti ana oyamwa bere limodzi sangakwatirane. Chimene chikuoneka m'ziphunzitsozi n'chakuti mangawa ali kwa mwana, amene ayenera kudya, ndipo obweza mangawawo ndi ambiri: mayi, bambo, abale ndi mudzi.

M'nthawi ino udindo wogawana umenewu wasintha maonekedwe chifukwa cha kachilombo ka HIV, kamene kamatha kudutsa mu mkaka. Dziko la Malawi linatsogola mu 2011 ndi ndondomeko ya Option B+, yopereka mankhwala otalikitsa moyo kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, zomwe zinalola amayi otere kuyamwitsa chiopsezo chitachepa kwambiri. Koma kuyamwitsa mwana wa mnzako tsopano kumafuna kuti woyamwitsayo ayezedwe magazi ndi kulandira uphungu wa kuchipatala. Agogo kapena azakhali amene anasiya kuyamwitsa kale angathe kuyambitsanso mkaka ngati khanda liyamwa pafupipafupi kwa masabata angapo, ndipo maiko monga Brazil ndi South Africa ali ndi nkhokwe za mkaka wa m'mawere, kumene mkaka woperekedwa ndi amayi oyezedwa umatenthetsedwa kuti tizilombo tife usanapatsidwe kwa makanda odwala, pamene Kenya inatsegula yake yoyamba pa chipatala cha Pumwani ku Nairobi mu 2019. Pamene njira zonsezi palibe, mkaka wa m'chitini wopangidwira makanda si tchimo, koma umafuna madzi owiritsa, kakapu koyera, muyeso wosasungunula mopitirira, ndi ndalama zosadukiza kwa miyezi yambiri, zomwe banja losauka silingakwanitse lokha.

Ngati pali mlandu woyenera kuzengedwa, ukupezeka m'malo amene safufuzidwa kawirikawiri. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 linaika masabata 8 a tchuthi cha uchembere, pamene pangano la bungwe loona za ntchito la ILO la chaka chomwecho limatchula masabata osachepera 14, ndipo kuyamwitsa mwakathithi kumafuna miyezi 6; mayi wa ganyu, wa kumunda ndi wogulitsa pamsika alibe ngakhale tsiku limodzi lolipidwa. Mkaka wa mkazi amene wabwerera kukalima patangotha masiku ochepa atachira, amene akutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuphikira banja lonse mwana ali ndi mlezi kunyumba, umachepa chifukwa bere silikukhuthulidwa. Mabungwe a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, amene amadziwa kale kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, ali ndi kuthekera kochita zomwezo kwa mayi amene wangotuluka m'chikuta, kumuphikira, kumuchapira ndi kumuperekeza kusikelo, ndipo pamene kuchipatala atsimikiza kuti thupi lake silingapange mkaka wokwanira, kusonkha ndalama za zitini mpaka mwanayo atafika msinkhu wodya phala.